Mmisiri Wosakwera Padenga

Anthu onse amawatchula kuti a Galasi. Dzina lawo lenileni ndinaliona kamodzi kokha, papepala, ndipo ndikukayika ngati angacheuke mutawaitana nalo. Ndi bambo wamfupi, wamapewa otakata, ndipo akamayenda amakoka pang'ono mwendo wakumanzere. Kulikonse kumene akupita amanyamula nsungwi yaitali, kunsonga kwake atamangirirako galasi la njinga yamoto ndi mphira. Ana amawalondola mumsewu kuti adziyang'anemo. Iwo sakalipa. Amangotsitsa nsungwiyo, mwana n'kuona mphuno yake itakula, n'kuthawa akuseka.

Ine ndinawadziwa chifukwa cha denga lathu.

Nyumba yathu ilibe siling'i. Ukagona chagada umaona malata ndi mitanda yonse ili poyera. Chaka chimenecho mwana wanga anali atangoyamba kuyenda. Timamutchula kuti Kachala, poti chala chake chachikulu sichichoka mkamwa. M'mawa wina ndikumudzutsa ndinapeza tsitsi lake lili mbuu ngati wina wamuwaza ufa. Ndinakuntha bulangete, fumbi lomwelo. Nditakweza maso ndinaona timisewu tadothi ta chiswe tikuyenda pamtanda waukulu wapakati, uja umanyamula denga lonse, ndipo mtandawo unali utapinda msana.

Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kumva zinthu zimene kale sindinkazimva. Dzuwa likatentha malata, mtandawo unkalira. Thee. Kenako zii. Kenako thee. Ndinakokera bedi pakona, koma mtandawo umadutsa nyumba yonse, kuchokera kuchipinda mpaka pabalaza, ndiye kothawira kunalibe. Masana ndinkakhala panja mwana ali kumbuyo. Nthawi yogona ndinkamuyalira pansi pa tebulo lodyera, lija la matabwa okhuthala, ine n'kugona pambali pake nditamugwira mwendo. Ndinkati denga likagwa, bola tebulo limutchinge.

Bambo a Kachala amayendetsa malole a katundu, amatha miyezi asanabwere. Nditawauza pafoni anati, "Usadandaule, ndiwauza achimwene akupezere mmisiri. Tisinthiretu denga lonselo mvula isanayambe." Achimwene awowo, alamu anga, ndi munthu wabwino koma wamawu. Akayamba kulankhula iwe umangoyang'ana zala zako za kumapazi. Ndipo ine ndi munthu woti ngakhale kusitolo andipatse sopo amene sindinamufune, ndimangolandira n'kuthokoza.

Amisiri onse anali otanganidwa, poti mitambo inali itayamba kale kusonkhana madzulo ndipo aliyense anali atakumbukira denga lake. Amene anapezeka ndi a Galasi.

Tsiku lodzaona ntchito anabwera limodzi ndi alamu. Alamu anali atabwereka makwerero kwa aneba n'kuwatsamiritsa kukhoma kunja.

"Kwerani muone nokha, bambo," anatero alamu. "Musadzati sitinakuuzeni."

"Makwerero ndi a anyamata," anayankha a Galasi. "Ife akuluakulu timatuma maso."

Anakweza nsungwi yawo n'kumaitembenuza pang'onopang'ono, akuyang'ana m'galasimo zimene zili pamwamba pa malata. Kenako analowa m'nyumba n'kuchitanso chimodzimodzi kuseri kwa mitanda. Thabwa lililonse ankaligogoda ndi nsungwiyo, khutu atatchera. Atafika pamtanda wapakati anagogoda kamodzi, fumbi n'kuwathira kumaso. Sanagogodenso. Anayang'ana mphasa ya mwana pansi pa tebulo, n'kundiyang'ana ine.

"Mwaganiza bwino, mayi," anatero motsitsa mawu. "Apitirize kugona pomwepo."

Mawu amenewo sanandilimbitse mtima ayi. Ndinkayembekeza kuti andiseka, anene kuti ndine wamantha chabe.

Alamu anali pa nthabwala zawo. "Ndiye galasili linaphunzira sukulu iti? Satifiketi lili nayo?"

"Lili nayo. Chiyambire ntchito silinagwepo."

Ine sindilankhula, koma ndimaona. Ndinaona kuti potuluka a Galasi anadutsa patali ndi makwerero aja, ngati mmene munthu amalambalalira galu wogona. Ndinaona kuti pofuna kuyeza pamwamba pa chitseko sanaponde mpando umene ndinawapatsa, anangoima ndi zala za kumapazi. Ndipo pamene Kachala anandipulumuka n'kukaika phazi pa thabwa loyamba la makwerero, bambo aja anataya nsungwi pansi n'kumunyamula mwaliwiro moti mwana analira. Pondipatsa mwanayo nkhope yawo inali itachita phulusa. Pamene mwana anapondapo panali potalika ngati njerwa ziwiri basi.

Chamasana kunabwera mkazi wawo kudzawapatsira chakudya. Mayi wamtali, wojintcha, nkhope yawo ndinkaidziwa poti amagulitsa tomato pamphambano. Anakhala pakhonde kudikira mbale, koma maso awo sanali pa mbale. Anali padenga, akutsata mzere wa misomali kuchokera uku mpaka uko, milomo ikugwedezeka. Polandira kapu ya madzi ndinaona mikono yawo ili ndi tizipsera tambirimbiri, towongoka ngati tocheka ndi lezala. Tomato sacheka munthu choncho. Chikhadabo cha chala chachikulu chinali bii, kuda kuja chimada ukachimenya ndi hamala. Ndinaziona zonsezo koma sindinadziwe chochita nazo.

M'mawa mwake pampopi ndinakumana ndi mayi amene timawatchula kuti a Wailesi, chifukwa nkhani iliyonse imayamba yadutsa kwa iwo isanafike kwa mwini wake.

"Ndamva mwatenga a Galasi," anatero asanandipatse ndi moni womwe. "Mwalimba mtima."

"Ndi alamu amene anawapeza," ndinatero.

"Iii, mwanawe, ukanawaona kale bambo amenewo! Ankayenda pamitanda ngati mphaka, misomali ili mkamwa, uku akung'ung'udza nyimbo. Madenga a masitolo a mumsewu waukuluwu anakhoma ndi iwo. Ndiye tsiku lina akukhoma nyumba yosungiramo katundu, chinyumba chachitali, lata linawaterera ndi mame. Anagona m'chipatala mpaka tinaiwala nkhope yawo. Mwendo unapola, koma mtima unatsala kumwamba komweko. Chichokereni kumeneko ngakhale pampando saponda."

"Nanga madenga amakhoma bwanji?"

"Funso limenelo tonse tili nalo! Ntchito amatenga, denga limatha, silidontha. Koma masiku okhoma amathamangitsa eni nyumba, ati kuopa ngozi. Timangoonera patali munthu wa ovolosi ndi chipewa chophimba nkhope ali pamwamba, ndipo satsika anthu akuona. Ena amati ndi mng'ono wawo wosalankhula. Ena amati ndi munthu wothawa kundende. Ine ndimati ndi mzukwa." Anaseka mpaka madzi anasefukira m'ndowa. "Iwe udzatiuze."

Ndinasenza ndowa yanga. Munthu wothawa kundende m'nyumba mwanga! Koma ndikudutsa pamphambano ndinaona mkazi wa a Galasi uja akusanja tomato, ndipo ndinakumbukira kuti pamakhala masiku ena benchi lawolo limakhala lopanda munthu sabata yathunthu. Ndinakumbukiranso mikono ija. Ndinafika kunyumba ndili ndi ganizo limene ndinkachita nalo manyazi kuliganiza.

Loweruka masana ndi pamene tinakhala pansi kulemba mgwirizano. Alamu anabwera ndi pepala lotayipa bwino lili m'pulasitiki. Iwo mapepala amawakonda, ndipo ali ndi chifukwa. Pamene ankamanga nyumba yawo anagwirizana ndi mmisiri wodziwika, koma iye anangotumako anthu ena, misomali n'kukhomedwa m'ngalande za malata, ndipo mpaka lero mvula ikagwa akazi awo amatchera mabeseni pabalaza. Analumbira kuti zimenezo sizidzachitikanso pamtundu pawo.

Tinakhala patebulo lija, Kachala ali pansi pake pamalo ake. Kunja kunali kutada mbali imodzi, mphepo ikubwera ndi fungo la dothi lonyowa kuchokera kutali.

"Mlamu, khalani pafupi," anatero alamu. "Mwini nyumba lero ndinu. Ine ndine mboni chabe, ngakhale mboni yake ndi yooneka bwino."

Anayamba kuwerenga. Za malipiro anali atamvana kale, anangodutsapo. Malata akhale atsopano. Matabwa onse apakidwe mankhwala a chiswe asanakwere. Malata akale ndi athu, asapite ndi mmisiri. Asasasule denga lonse nthawi imodzi, ayambe mbali imodzi, amalize, kenako inayo, ndipo madzulo aliwonse pamene pali poyera aphimbe ndi pulasitiki wokhuthala. A Galasi ankangogwedeza mutu, chipewa chili pabondo.

"Ine yanga ndi imodzi," anatero. "Masiku okhoma pakhomo pano pasapezeke munthu. Msomali ukagwa susankha mutu."

"Zomveka," anatero alamu, n'kulemba ndi cholembera pansi pake. "Mlamu ndi mwana azikaswera kwathu. Tsopano mfundo yomaliza." Anakhosomola ngati munthu wa kukhoti. "Ntchito yonse ya padenga agwira mmisiri mwini wake, ndi manja ake, osatuma munthu wina. Akapezeka wina padenga, mgwirizano watha pomwepo. Ndipo ndikuchenjezeni, bambo, njira yanga ya kuntchito ndi yomweyi. Ndizidutsa m'mawa, ndizidutsa madzulo, masananso ndikafuna."

A Galasi anatembenuza chipewa chawo pabondo.

"Mfundo imeneyo ndi yolemera," anatero.

"Yolemera pati? Mmisiri si inu?"

"Ndine."

"Ndiye sainani, tizipita. Mitambo iyo sikutidikira."

A Galasi anayang'ana pepalalo. Ndinkaganiza kuti akana, kapena anena chinachake. Koma anatenga cholembera n'kulemba dzina lawo, pang'onopang'ono, mokanikiza. Alamu anasaina mwachangu ndi mchira wautali, n'kukankhira pepala kwa ine.

Ndinatenga cholembera. Ndinkaona zinthu ziwiri zokha. Choyamba, Lachiwiri kapena Lachitatu, denga litasasulidwa theka, alamu akudutsa n'kuona wa ovolosi uja pamwamba. Alamu akanena kuti chatha ndiye kuti chatha. Ine ndi mwana n'kutsala m'nyumba yotsegula kumwamba, mtanda wowola uli lende, mvula ikubwera, mmisiri wina kulibe. Chachiwiri, bambo awa poopa zimenezo n'kukwera okha, n'kugwera m'chipinda mwanga. Ndinayesa kufunafuna chachitatu, sindinachipeze.

Pamwamba pathu mtanda unati thee. Kachala anandigwira kakolo ndi kadzanja kake konyowa.

"Alamu," ndinatero.

"Mwati chiyani, mlamu? Kwezani mawu, sitili pamaliro pano."

"Sindisaina."

Alamu anaseka. "Ndi dzina lokha, mlamu. Kapena zilembo zathawa? Ndikugwireni dzanja?"

"Bambowa sakwera."

Mawuwo anatuluka aang'ono, koma m'nyumba munati zii ngati ndaswa mbale. Sindinathe kukweza maso. Ndinangoona manja a a Galasi atasiya kutembenuza chipewa. Ndinamva ngati ndavula munthu wamkulu malaya pamsika.

"Wanena ndani?" anafunsa a Galasi. Sanafunse ine, anafunsa tebulo.

"Ndi zoona zimenezi, bambo?" anatero alamu, nthabwala zitawathera.

A Galasi anaimirira, anavala chipewa, n'kutuluka. Ndinaganiza kuti akupita kwawo, ndipo mtima unagwa, poti ndinali nditathamangitsa mmisiri yekhayo amene tinali naye. Koma sanalowere kugeti. Analowera kumakwerero aja, amene aneba anali asanatenge.

"Bambo, musatero," ndinatero, koma mawu anga mphepo inapita nawo.

Anagwira makwerero ndi manja awiri n'kuponda. Anapondanso. Ankakwera ngati munthu wosenza thumba la simenti, akupumira mkamwa. Mapazi awo atapitirira pamwamba pa windo, mphepo inakuntha lata limodzi la kumapeto, limene misomali yake inali itazuka kale. Linati phaa! A Galasi anaima pomwepo. Anakumbatira makwerero, maso atatsinzina, ndipo makwererowo anayamba kugogoda malata, gwegwegwe, chifukwa thupi lawo lonse linkanjenjemera.

"Basi, bambo, taona, tsikani," anatero alamu atagwira makwerero pansi. "Tsikani, nkhani tikambirana."

A Galasi anangokakamira makwererowo. Zala zawo zinali zitayera ndi kufinya.

"Bambo! Ndati tsikani!" Alamu anandiyang'ana, nkhope itasintha. "Mlamu, munthuyu atigwera. Ine ndikakwera makwererowa sangatinyamule awiri. Titani?"

Sindikudziwa kuti mwana ndinamubereka nthawi yanji. Ndinangopezeka ndili mumsewu ndikuthamanga wopanda nsapato, ine amene ndimayenda m'mbali mwa mipanda kuti anthu asandione. Anthu ankacheuka. Wina anafuula kuti, "Kwagwanji, mayi?" Nditafika pamphambano mpweya unali utandithera. Mkazi wa a Galasi anali akuikira munthu tomato m'jumbo. Ndinangoti, "Akwera."

Sanafunse kuti ndani, kapena kuti. Jumbo inagwa, tomato n'kumwazika mumsewu. Anandisiya m'mbuyo ngati ndaima.

Pamene ndinkafika anali atavula kale masilipasi, atakwinya nsalu yawo m'chiuno. Anakankha alamu pang'ono, "Gwirani zolimba, achimwene, makwererowa ndi abwino," n'kukwera mopepuka ngati akukwera masitepe a nyumba yawo. Anaima kumbuyo kwa amuna awo, chifuwa chawo chitagunda msana wa bamboyo, manja atagwira makwerero uku ndi uku.

"Bambo inu," anatero ndi mawu a masiku onse, ngati akufunsa za mchere. "Mwadzatani kuno? Munaiwalako chiyani kumwamba kuno?"

"Mayi, ndigwa."

"Mugwera pa ine, ndipo ine si simenti. Tsitsani phazi lamanja."

"Sindikuliona."

"Simukuliona bwanji maso mwatseka? Musatsegule, lisiyeni, ndilipeza ndine. Eya. Limenelo ndi lamanzere, bambo, ukalamba womwewu? Chabwino, lomwelo. Tsopano linalo. Tomato wanga ali mumsewu chifukwa cha inu, mukatola nokha."

Anatsika choncho, thabwa limodzi limodzi, mayi akulankhula osalekeza, za tomato, za mbuzi ya aneba awo, za malaya amene bamboyo anang'amba. Atafika pansi a Galasi anakhala padothi, msana kukhoma, chipewa ataphimba nacho nkhope. Ndinawabweretsera madzi. Sanalandire.

Lata lija linati phaa kachiwiri, ndipo madontho akuluakulu anayamba kugwa apa ndi apo. Mayi aja anayang'ana kumwamba n'kutsonya. Anapisa dzanja m'chikwama cha amuna awo, n'kutulutsa hamala ndi misomali, misomaliyo n'kuiika mkamwa. Tisanadziwe chimene chikuchitika anali pamwamba, akuyenda chokwawa motsata pamene pali thabwa, mbali ya mtanda wowola akuilambalala. Kho, kho, kho. Lata linakhala chete. Anatsika n'kupukuta manja pansalu.

Alamu anali kukamwa yasa. "Ndiye kuti wa ovolosi uja..."

"Mzukwa uja ndine," anatero mayiwo. "Othawa kundende ndinenso. Pepani, ovolosi ndasiya kunyumba."

Tinalowa m'nyumba chifukwa cha madontho. A Galasi analowa pomaliza n'kukhala pafupi ndi chitseko. Anafotokoza ndi mayi. Anati bambo atatuluka m'chipatala anayesa ntchito zina, kukhoma mabenchi, kukonza zitseko, koma anthu ankawadziwa ndi madenga, ndipo ana kunyumba ankafuna kudya. Tsiku lina anavomera kadenga ka khitchini, akuganiza kuti poti n'kakafupi akwanitsa. Anaima pansi pa makwerero mpaka dzuwa linafika pamutu. Mayi atabwera ndi chakudya anawapeza ali pomwepo, ndiye anati, ndiuzeni pokhoma. Galasi lija linayamba tsiku limenelo, kuti bambo aziona ali pansi zimene mayi akuchita pamwamba.

"Kuyeza ndi iwo, kudula ndi iwo, kulumikiza matabwa pansi ndi iwo," anatero. "Ine ndi miyendo yawo basi. Koma bwana woyamba amene anandiona pamwamba anatithamangitsa ntchito ili pakati. Anati anzake amuseka. Ndiye tinagula ovolosi."

"Si miyendo yokha," anatero a Galasi chipewa chili kumaso. Anali mawu awo oyamba. "Msomali wawo suphonya. Ine ndinkaphonya."

Alamu anakanda m'mutu. Anayang'ana pepala, anayang'ana mayiwo, anayang'ana kumwamba. "Ayi, ntchito ndaiona. Koma mundimvetse. Nyumbayi si yanga. Mng'ono wanga akadzamva kuti denga lake linakhomedwa ndi amayi a tomato, anzake a malole akadzamva... Mwina tidikire kaye, ndimuimbire, tione ngati sabata yamawa sipangapezeke wina."

Sabata yamawa. Madontho anali akuchuluka pamalata, ndipo kafumbi kanali kakutsika pang'onopang'ono kuchokera pamtanda n'kumagwera papepala lomwelo. Ndinali nditalankhula kale kamodzi tsiku limenelo, ndipo munthu anatsala pang'ono kufa nazo. Koma pakamwa panatseguka pokha.

"Alamu, mng'ono wanu sagona pansi pa tebulo."

Alamu anawerama n'kusuzumira pansi pa tebulo, ngati akuona koyamba. Panali mphasa, kabulangete, ndi pilo wanga pambali pake pasimenti. Anakhala chowerama nthawi yaitali. Podzuka anapukuta fumbi papepala ndi dzanja, n'kutenga cholembera.

"Mlamu wanga ameneyu," anatero, "chaka chonse mawu awiri, koma onse ndi hamala." Anakhwatcha mfundo yomaliza ija. "Mayi, dzina lanu ndani? Lenileni, osati la tomato."

Analemba kuti ntchito ya pansi agwira bambo, ya pamwamba agwira mayi, ndipo wina aliyense wosakhala awiriwa asapezeke padenga. Mayi anapukuta dzanja kawiri asanagwire cholembera. Analemba dzina lawo ndi zilembo zikuluzikulu zopendama, lilime lili panja ngati la mwana wa sukulu.

"Madenga onse aja," anatero akuliyang'ana, "dzina langa silinakhalepo papepala n'kamodzi komwe. Bambo, taonani, likukhala bwino pafupi ndi lanu."

"Lapendama," anatero a Galasi.

"Lanu ndi limene likunjenjemera."

Mfundo yothamangitsa anthu pakhomo a Galasi anakana kuichotsa yonse. Anati akuluakulu akhale ngati akufuna, koma mwana ayi. Ndinasaina pomaliza. Dzina langa linaoneka ngati lalembedwa m'basi.

Anayamba Lolemba. Kachala ndinkakamusiya kwa akazi a alamu, ine n'kubwerera kudzagwira makwerero ndi kupatsira misomali. A Galasi pansi ndi munthu wina. Amayeza kawiri, amadula kamodzi, amanunkhiza thabwa kuti amve ngati lauma. Nsungwi ili m'mwamba, maso m'galasi, akufuula, "Kumanja pang'ono! Mwapitirira!" Mayi kumwamba n'kumayankha, "Bwerani mudzakhome nokha!" Ine nthawi yonseyo khosi linali lowawa ndi kuyang'ana kumwamba, theka kuyang'ana mayi, theka kuyang'ana mitambo.

Mtanda wapakati anautsitsa ndi zingwe, atayamba auchirikiza ndi mitengo. Utangogunda pansi unathyoka pakati popanda wouponda. M'kati munalibe thabwa, munali dothi lokhalokha ndi chiswe chili yakaliyakali. Kunja kokha ndi kumene kunatsala, kopyapyala ngati chikoko cha dzira. Ndinakhala pansi pomwepo. A Galasi anaugwedeza ndi phazi.

Mvula yeniyeni inatipeza mbali imodzi itatha, inayo ili ndi pulasitiki. Inagwa madzulo onse ndi mphepo, pulasitiki akufufuma ngati afuna kuuluka. Ndinakhala mbali yatsopano nditakumbatira mwana, ndikuyang'ana zingwe zimene mayi anamanga. Zinagwira. Madzi analowa pang'ono pakona, ananyowetsa thumba la makala basi. Sabata isanathe denga lonse linali litatha.

Bambo a Kachala nditawauza pafoni anangofunsa kuti, "Likudontha?" Ndinati ayi. Anati, "Ndiye vuto lili pati?"

Koma si zonse zinatha bwino. A Wailesi anaulutsa nkhaniyo tsiku lomwelo, poti theka la msewu linaona mayi wa tomato akuthamanga. Ndinamva kuti anthu awiri amene anali atagwirizana kale ndi a Galasi anabweza mawu. Ena atsopano anabwera, makamaka azimayi amene amuna awo ali kutali ngati ine. Kaya obwerawo anafanana ndi obweza mawu aja, sindikudziwa, ndipo ndimaopa kufunsa. Mayi masiku ano amakwera opanda chipewa chija, ovolosi yokha, ndipo akandiona pamphambano amandiwonjezera tomato. A Galasi amandipatsa moni mwaulemu, koma maso awo amakhala pa nsungwi yawo. Chija ndinanena patebulo sanachiiwale, ndipo ine sindiwaimba mlandu.

Kachala anavuta kubwerera pabedi. Ukamugoneka, pang'ono wapezeka wakokera kabulangete kake pansi pa tebulo. Inenso dzuwa likatentha malata atsopanowa n'kuti thee, ndimasiya chimene ndikuchita n'kukweza maso. Mtanda uli chiwongokere, wakuda ndi mankhwala. Ndimauyang'anabe pang'ono, kenako n'kupitiriza kuchapa.

Dzana a Galasi anadutsa pamsewu wathu akupita ku ntchito ina, mayi ali patsogolo ndi chikwama cha mahamala. Kachala anathamangira kugeti. Bamboyo anaima, anayang'ana denga lathu kuyambira uku mpaka uko, kenako anatsitsa nsungwi kuti mwana adzione. Kachala anachotsa chala mkamwa n'kugwira galasilo, n'kusiyapo malovu. A Galasi analipukuta ndi malaya, n'kutsatira akazi awo.